Mtsinje wa Mutare

Mlendo akafika mu mzinda wa Mutare nafunsa kumene kuli mtsinje wa dzina limeneli, amamlozera kuseri kwa mapiri a kumpoto, pakuti kamtsinje kopyola pakati pa mzindawo ndi Sakubva. Mutare weniweni sufika m'tauni konse.

Mtsinjewu utumphuka m'mapiri a m'malire a Zimbabwe ndi Mozambique, dziko la nkhungu ndi mvula yambiri. Utatsetsereka pang'ono ulowa m'chigwa cha Penhalonga, pafupifupi mailosi 11 kumpoto kwa mzinda, kumene Tsambe ndi Imbeza athiramo madzi awo. Chigwa chimenechi ncha golide, ndipo akuti dzina la Mutare lichokera ku liwu la Chishona lotchulira chitsulo. Amanyika, anthu a Mfumu Mutasa, ankasefa mchenga wake Azungu asanafike. Pambuyo pake anakumba migodi, monga wa Rezende, ndipo amuna ambiri a ku Nyasaland ndi a ku Tete anadzalembedwa ntchito kumeneko. Ena a iwo anatchona, ndipo zidzukulu zawo zikali komweko.

Mzinda nawonso unabadwira m'chigwa chomwechi. Azungu a Kampani ya Rhodes anayamba amanga linga pafupi ndi Penhalonga, ndipo mu 1891 anasunthira kumunsi, pa malo otchedwa Old Mutare. Tsono njanji yochokera ku Beira inalephera kukwera mapiri a Christmas Pass. Popeza njanji sinathe kudza kwa anthu, anthu anapasula nyumba zawo natsata njanjiyo, imene inafika mu 1898. Dzina anapita nalo, nalitchula Umtali kufikira 1982, koma mtsinje anausiya. Malo akale anapatsidwa kwa Bishopu Hartzell wa Methodist kuti pakhale mishoni, ndipo mu 1992 panatsegulidwa Africa University.

Chodabwitsa ndi njira imene madziwa atsata. Nyanja yamchere ili kum'mawa, koma Mutare uifulatira nuyenda cha kumadzulo kufikira utathira mu Odzi. Odzi alunjika kumwera nakomana ndi Save pafupi ndi Nyanyadzi, ndipo Save ndiye apotoloka kum'mawa, nadutsa Mozambique, nalowa m'nyanja pa Nova Mambone. Mvula yogwa tsidya lina la mapiri omwewo itsikira mu Revue ndi Buzi, nifika msanga pafupi ndi Beira.

Ulendo wautaliwu uli ndi kanthu kake. Chiyambire zaka za m'ma 2000, okumba golide akhala akugumula magombe a Mutare, ndipo pena anapatutsa mtsinje m'njira yake. Ambiri alekanitsa golide ndi mchenga pogwiritsa ntchito mercury, amene ali poizoni wosaola. Matope ofiira ndi poizoniyo sizikhala ku Penhalonga, koma zitsika ndi madzi kunka ku Odzi ndi ku Save, kumene amayi atunga ndi kuchapa, ndi ng'ombe zimwa pa dooko, m'midzi ya anthu amene chigwa cha golidecho sanachionepo.