Mau Onenedwa pa Msonkhano: Za Mitengo ya Mabulosi

 Nkhani tadza nayoyi idzaoneka yacibwana kwa ena, pakuti ambiri a ife tiyesa mabulosi cakudya ca ana ndi mbalame. Koma mwezi wathawu kwathu mwana wina anakwapulidwa cifukwa ca kuthyola mabulosi pa bwinja. Makolo anakangana, ndipo mwini bwinjalo, pofuna kutha mkangano, anatenga nkhwangwa nagwetsa mtengowo. Unali mtengo wodyetsa ana a midzi iwiri. Cifukwa cace tinati nkhaniyi iyenera kumveka kuno.

Taganizani za nyengo imene mabulosi apsa. Ndiyo Seputembala ndi Okotobala, dzuwa litakula, malalanje atatha, mango asanapse. Pa miyezi imeneyi mwana wa kumudzi akhoza kutha sabata yathunthu osalawa cipatso, koma mu kacipatso aka muli vitamini C ndi ayironi, zofunika m'thupi la mwana. Pa msika mabulosi saoneka kawirikawiri, pakuti afewa msanga, ndipo akagona tsiku limodzi kapena awiri pa kutentha asasa. Motero awadya okhawo amene ali nao mtengo pafupi, ndipo ukagwa palibe kokagula.

Mtengowu si wa makolo athu. Wambiri m'midzi yathu ndiwo mtundu wochedwa woyera, ngakhale zipatso zace zida bii zikapsa. Kwao ndi ku China, kumene masamba ace adyetsedwa kwa mbozi zopota silika kuyambira kale lomwe. Pali mtundu winanso, wakuda, wocokera cha ku Persia. M'caka ca 1609 Mfumu James I ya ku England, pofuna kuti dziko lace lipange silika, inalamula kuti anthu abzale mabulosi, nipatula munda wa maekala 4 ku London, pamalo pali Buckingham Palace lero. Koma yobzalidwayo inali ya mtundu wakuda, umene mbozizo sizikula nao bwino, ndipo silika sanapindule. Tanena ici, Mafumu, kuti mudziwe kuti sitinadze kudzapempha lamulo lakuti yense abzale. Tadza kupempha za mitengo iri kale m'midzimo.

Cimene ciwawitsa eni mitengo mtima si zipatso zodyedwa iai, koma nthambi zokhadzuka. Ana akwera asanu pa nthambi imodzi, nathyola zofiira ndi zosapsa zomwe, zimene zipweteka m'mimba. Njira yabwino ndi iyi: yalani mphasa yakale kapena masaka pansi pa mtengo m'mamawa, mugwedeze nthambi pang'ono ndi ndodo yangowe. Zakupsa zigwa zokha, zosapsa zitsala kudikira mkuca. Muziike m'licero, osati m'dengu lakuya, pakuti za pansi ziphwanyika. Manja akada, pakani ndimu. Koma malaya a sukulu asayandikire nchitoyi, tinena monga anthu amene tinalipirapo.

Za kukhichini ziri m'manja mwa amai, ndipo zimene tinena tinaziona kwa a kunyumba kwathu. Cosabvuta koposa ndico kutsuka zipatso m'madzi abwino, kucotsa timapesi, ndi kuzinyenya m'phala la mwana litacoka pa moto; phalalo lisanduka lofiirira nizuna, ndipo suga afunika wocepa. Jamu aphikidwa motere: makapu 4 a mabulosi, makapu 3 a suga, ndi madzi a ndimu imodzi, muwiritse ndi kutakasa kufikira dontho loikidwa pa mbale yozizira lileka kuyenderera, ndipo muthire akali wotentha m'mabotolo owiritsidwa, nimutseke. Ndimuyo musaiiwale. Caka cina tinaisiya, poyesa kuti ndi mwambo cabe wa m'mabuku, ndipo tinapeza madzi ozuna m'malo mwa jamu; mabulosi pa okha sagwirana bwino. Koma tidziwa kuti suga ndi wa mtengo wapatali, ndipo si nyumba zonse zikhoza kuthira makapu atatu mu mphika umodzi. Otere ayanike. Ku Afghanistan anthu ayanika mabulosi nawasunga kufikira nyengo yacisanu, ndipo dzuwa la Okotobala kuno silicepa. Ayalidwe pa thandala mosaunjika, abvundikiridwe ndi kansaru kopyapyala cifukwa ca nchenche, nalowetsedwe m'nyumba usiku. Masamba nao mbuzi ndi akalulu awadya bwino pamene msipu wauma.

Wofuna wace mtengo adule nthambi yonenepa ngati cala, yotalika mkono umodzi, aizike mvula ikayamba. Aitenge ku mtengo umene anauona ukubala, pakuti ina icita maluwa amphongo okha. Aubzale kutali ndi maziko a nyumba ndi coyanikapo zobvala, cifukwa mizu yace iyenda, ndipo mbalame zodya mabulosi sizilemekeza nsaru yocapa.

Tsopano copempha cathu. Tipempha Mafumu abvomereze kuti mtengo wa zipatso wa pa bwinja kapena m'mbali mwa mtsinje usagwetsedwe nyakwawa isanamve, ndi kuti mwana wopempha bwino, wosakwera ndi wosakhadzula, asakwapulidwe. Pali mfundo imodzi imene ife alembi tinalephera kumvana: munthu akasamuka, nasiya mtengo umene anabzala ndi manja ace, kodi zipatso zace zikhalabe zace, kapena zibwerera kwa mudzi pamodzi ndi nthaka? Ena a ife ati thukuta silisamuka. Ena ati malo ndi a Mfumu. Milandu ya nthaka ndi yanu, Mafumu, ndipo iyi taiika m'manja mwanu kuti tiimve pa msonkhano uno.