ADZATIWERENGERA NDANI AKUFA ATHU?

Abale ndi alongo, amuna anzathu a m'migodi ya Rustenburg, tamva madandaulo anu. Mwati ndarama za m'thumba lathu nza maliro ndi za mirandu, tsono cifukwa ninji komiti ifuna kupatulapo zina za kusindikiza kalata wa nkhani, kugula makina ojambulira ndi kuyendetsa anyamata oyimba? Wina wati nyimbo sidyedwa. Wanena zoona. Koma tiyeni tikumbutsane zimene zinacitika pafupi pompano.

Pa 16 August 2012 apolisi anaombera anchito a kampani ya Lonmin ku Marikana, napha anthu 34. Anthuwo anali pa sitiraka, kufuna malipiro a R12,500 pa mwezi. Sitibisa kuti masiku a m'mbuyo mwace anafa enanso 10, ndipo pakati pao panali apolisi awiri ndi alonda awiri a mgodi. Amenewonso anali ndi ana. M'mawa mwace mkulu wa apolisi, mai Riah Phiyega, anauza dziko kuti anyamata ace anadziteteza. Anchito 270 anamangidwa napatsidwa mlandu wa kupha anzao omwe aja, mpaka anthu atacita phokoso mlanduwo unayamba waimitsidwa.

Nkhani ikadathera pomwepo. Dziko lonse linaona pa kanema anthu akugwa pafupi ndi khola la ng'ombe ku Nkaneng, niliyesa kuti laona zonse. Koma amene anaomberedwa pamenepo nafa anali 17 okha. Nanga 17 enawo? Anaomberedwa pa kaphiri kena, pakati pa miyala, kumene kunalibe mtolankhani ali yense wojambula. Opulumuka anazinena, koma mau a munthu wobowola thanthwe amamveka kuti? Ndipo wojambula zithunzi wina, Greg Marinovich, anapita yekha kukayenda pa kaphiriko. Anapeza malembo a utoto wacikasu pa miyala, osonyeza pamene panagona mitembo, ina m'mipata yopanikizika imene munthu amalowamo pobisala, si pomenyana ai. Analemba zimenezi m'nyuzi ya Daily Maverick mwezi womwewo, ndipo nkhani ya apolisi inayamba kung'aluka.

Pa bwalo lofufuza la woweruza Farlam, zithunzi zinacitanso umboni. Zojambulidwa dzuwa likali kuwala zinaonetsa mitembo ina yopanda zida. Zojambulidwa usiku zinaonetsa mitembo yomweyo iri ndi zikwanje pambali. Kodi wakufa amatola cikwanje? Zinamvekanso kuti m'mawa wa tsikulo, mfuti isanalire, apolisi anali ataitanitsa kale magalimoto anai onyamula mitembo.

Mu 1959 makolo athu analibe zotere. Pa 3 March asilikari anaombera anthu pa doko la Nkhata Bay. Lipoti la Devlin linalemba akufa 20. Eni mudzi mpaka lero amati anaposa pamenepo. Ciwerengero ca Boma cinalowa m'mabuku, ca eni maliro cinatsala pakamwa pa nkhalamba.

Tsono za nyimbo ndi zojambula. Akazi amasiye a ku Marikana, ambiri ocokera ku midzi ya ku Eastern Cape ndi ena ku Lesotho, anakhala miyezi yambiri m'bwalo la Farlam akumvera maloya, iwo osafunsidwa kanthu. Bungwe la Khulumani linawapatsa mapepala ndi utoto, najambula zimene zinali m'mitima yao: nyumba zosatha kumanga, ana ofuna fizi, mwamuna wogona m'mwazi. Apo mpamene anthu anaona kuti 34 si nambala cabe. Mu 2014 Rehad Desai anaturutsa kanema wochedwa Miners Shot Down. Nyumba zazikulu za wailesi ya kanema zinazengereza kumuonetsa, koma anayenda m'maholo ndi m'misonkhano ya anchito, ndipo mu 2015 analandira mphotho ya International Emmy. Lero mwana amene sanafikepo kuno adziwa Mgcineni Noki, mtsogoleri uja wa bulangete lobiriwira, cifukwa ca cithunzi cimodzi. Ndipo inu amene munapirira sitiraka ya miyezi isanu mu 2014 mudziwa nokha cimene cinkakuimiritsani m'mabwalo mimba ziri pululu.

Ife ocokera ku Malawi tiri pa ngozi yoposa. Tiri alendo, ena mapepala athu ngosalongosoka, ndipo mlendo akafa dzina lace limalembedwa mokhota kapena silirembedwa konse. Ku Mzimba, ku Dedza, ku Mangochi amai amangomva mphekesera pa lamya.

Cifukwa cace komiti ipempha kuti mubvomereze ndarama zija lero lomwe. Ipemphanso kuti ali yense, asanaturuke pa khomo, apereke kwa mlembi dzina lace lenileni, mudzi wace, mfumu yace, ndi dzina la munthu woti tidzamuuze. Amene abvomera aimike mkono.