Pa Intaneti Napo Pali Malire

Inu a kwa Kapondo kuno ku Mchinji, mukudziwa zimene foni imachita mukayandikira malire: imataya netiweki ya kwathu n'kugwira ya ku Zambia, mapazi anu akadali m'Malawi. Mafunde a foni sadinditsa pasipoti pa malire a Mwami. Ndiye ena amati pa intaneti palibe mfumu. Ayi ndithu, ilipo.

Nsanja ya foni imazikidwa pa nthaka ya eni ake. Ikakhala mbali ino, woyang'anira ndi MACRA. Ikakhala tsidya lija, ndi ZICTA. Makompyuta osunga mauthenga athu nawonso amakhala m'nyumba, m'dziko linalake. N'chifukwa chake mu 2013 akatswiri a maboma ku United Nations anagwirizana kuti malamulo a pakati pa mayiko amagwiranso ntchito pa intaneti, ndipo dziko lili ndi ulamuliro pa zipangizo zimene zili m'malire mwake.

Mkangano watsala apa: boma lina likalowa mozemba m'makompyuta athu, osawononga kanthu, lalakwa? Britain imati ulamuliro pawokha si lamulo loletsa zimenezo. African Union, pa 29 January 2024, inati kulowa popanda chilolezo kokhako ndi mlandu kale. Ine ndili kumbali ya Africa. Munthu wolowa m'nkhokwe mwanu usiku sangadziteteze ponena kuti anangowerenga chimanga. Ndipo dziko losauka ngati lathu, limene silingabwezere, chishango chake ndi lamulo basi.

Izi si zakutali. Mu February 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowa m'makompyuta opangira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Kusindikiza mapasipoti kunaima, maulendo a anthu n'kufera m'mazira.

Nanga ngati akubawo si boma, koma anthu wamba okhala kunja? Ganizani za ng'ombe zobedwa zimene zawoloka malire. Mfumu ya tsidya sinabe, koma ikadziwa kuti zili m'mudzi mwake n'kukhala chete, ili ndi choyankha. African Union ikunena zomwezo: dziko likadziwa kuti makompyuta a m'dziko mwake akupweteka anzake, lichitepo kanthu. Udindowu ukutikhudza ifenso. Wina atakhala kwa Kapondo n'kumabera anthu a ku Chipata pa foni, lamulo lathu la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act liyenera kumupeza, a ku Zambia asanachite kutidandaulira.