Mwana Woiwala: Kodi Mphunzitsi Adziwa Bwanji?



M'sukulu iri yonse ya kumudzi muli mwana amene apatsidwa dzina lakuti "woiwala." Dzinali ndi lolemera, pakuti likafika kwa makolo, kawirikawiri atate angoti, "Ngati mutu wace sugwira, akabuse ng'ombe." Cotero mphunzitsi asanagamule mlandu wotere, ayenera kukhala ndi umboni, ndipo umboniwo upezeka mwa kuyesa kolongosoka.

M'caka ca 1966, ku America, John Flavell ndi anzace awiri anafuna kudziwa cimene mwana acita pamene auzidwa kusunga kanthu m'mutu. Anaonetsa ana zithunzi 7, naloza zina mwa izo motsatana, nauza mwana ali yense kuti adzazilozenso momwemo patapita masekondi 15. Pa nthawi yodikirayo mwana anabvala cisoti cophimba maso, koma kamwa linali poyera, ndipo munthu wodziwa kuwerenga milomo anali kupenyetsetsa. Mwa ana 20 a zaka 5, ana 2 okha ndiwo ananong'ona maina a zithunzizo. Mwa a zaka 7 anali 12, ndipo mwa a zaka 10 anali 17. Caka cotsatira anatenga ana a zaka 6 amene sanali kunong'ona, nawaphunzitsa kutero, ndipo anayamba kukumbukira monga anzao. Cacisoni ncakuti atasiya kuwakumbutsa, ambiri analeka.

Nkhani imeneyi iri ndi phindu lalikuru kwa mphunzitsi wa Giredi 1 ndi 2. Kusiyana kwa ana aja kunali m'macitidwe ao, ndipo macitidwe angathe kuphunzitsidwa. Ndiponso njira yoyeserayo siifuna ndalama. Mphunzitsi aike pa licero zinthu 7 zodziwika, monga citsononkho, supuni, mwala, nthenga, nshawa, coko ndi kabotolo, aloze zitatu, abvundikire ndi nsaru, awerenge camumtima kufika 15, maso ace ali pa milomo ya mwanayo. Ayese mwana mmodzi pa nthawi, ndi mau omwewo kwa onse, ndipo alembe pomwepo m'buku tsiku, zaka za mwana, zimene wakumbukira, ndiponso ngati milomo inagwedezeka. Kusiya kulemba kufikira madzulo nkulakwa, cifukwa aphunzitsi nawonso amaiwala, ndipo asunga msanga zolakwa za mwana amene anamuweruza kale.

Kuchera khutu ndi kupenyetsetsa kuyesedwa mwa njira yina. Mai Eliane Vurpillot wa ku France, m'caka ca 1968, anaonetsa ana zithunzi za nyumba ziwiriziwiri, iri yonse ya mazenera 6, nawafunsa ngati nyumbazo zifanana. Makina ojambula anatsata maso ao. Ana osafika zaka 6 anayang'ana mazenera owerengeka okha nayankha msanga kuti zifanana, pamene okulirapo anayerekeza zenera ndi linzace kufikira onse atatha. Mwana amene asokoneza b ndi d pa bolodi kapena sanaiwale kanthu konse: diso lace linacoka pa cilembo lisanamalize nchito.

Cinthu cobvuta koposa ndico kusankha coyesera. Robert Serpell wa pa University of Zambia anafalitsa m'caka ca 1979 zimene anapeza poyerekeza ana a ku Lusaka ndi a ku England. Onse anauzidwa kupanga cofanana ndi citsanzo cimene anaonetsedwa. Pojambula ndi pensulo pa pepala, a ku England anapambana. Popinda waya, a ku Lusaka anawaposa, ndipo sicodabwitsa kwa munthu amene anaonapo magalimoto a waya m'makomboni. Poumba, magulu onse awiri anali cimodzimodzi. Akadayesa ndi pensulo yokha, akadalemba bodza lalikuru lonena za ana a dziko lino, namaganiza kuti ncoona.

Tsono mwana amene alephera kusunga mau a Cingelezi ayesedwenso ndi zinthu zimene azidziwa: maina a ng'ombe za m'khola la kwao, njira ya kudimba, kapena miyala ya pa nsolo itayalidwa ndi kufafanizidwa. Akakhoza pamenepo, bvuto liri m'cinenero kapena m'kaphunzitsidwe.

Kuyesa kamodzi sikukwana. Mwana yemweyo ayesedwe masiku atatu osiyana, tsiku lina m'mawa, lina dzuwa litakwera, ndipo m'mphepete mwa buku mulembedwe ngati anadya asanabwere, ngati anadwala malungo sabata lomwelo, ndi mtunda umene anayenda. Mphunzitsi aimenso kumbuyo kwace namuitane ndi mau otsika. Akapanda kuceuka kawiri kapena katatu, makolo auzidwe kuti apite naye ku cipatala akamuone m'makutu.