Kukometsa Zipangizo za Sukulu ndi Mapepala Omata

Mphunzitsi wa ku Chanyanya awadziwa bwino adani a mabuku ake. Mudziwo uli m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, kumene anthu ambiri akhalira usodzi, ndipo m'dzinja chinyontho cha m'dambo chilowa ndi m'kalasi momwe. Buku limene mwana analandira mu January lifika mu March chikuto chitafewa, masamba atayamba kuthothoka. Tsono kuyambira 2022, pamene boma la Zambia linachotsa malipiro a sukulu kufikira kalasi la 12, ana anachuluka, ndipo buku limodzi lipita m'manja ambiri.

Pali luso lina limene lingathandize pamenepa. Afalansa alitcha decoupage, ndiko kunena kudula. Munthu adula zithunzi za papepala, nazimata pa chikuto cha buku, pa bokosi la choko kapena pa chitini chosungiramo mapensulo, napaka vanishi pamwamba. Amisiri a ku Venice m'zaka za m'ma 1700 ankakometsa mipando ndi makabati mwa njira yomweyi, kuti zifanane ndi zokwera mtengo za ku China. Ku England mayi wina, Mary Delany, anayamba kupanga maluwa a mapepala odula mu 1772, ali ndi zaka zoposa 70, napanga pafupi-fupi 1,000, amene asungidwa ku British Museum. Mphunzitsi wachikulire asanene kuti zala zake zinauma.

Zomatira sizifuna ndalama zambiri. Ufa wosalala wa chinangwa ausungunule m'madzi ozizira, auphike pa moto wochepa akuvundula, kufikira ukhale phala lowala. Likazizira alipake mopyapyala kuseri kwa chithunzi. Phala lochuluka likwinyitsa pepala. Amate, nasisite ndi kansalu kuyambira pakati kunka m'mbali, kuti mphepo yotsalira ituluke. Aumitse pamthunzi, pakuti dzuwa lipinda chikuto. Koma pano pali msampha. Phala la chinangwa ndi chakudya, ndipo mphemvu ndi makoswe adziwa chimenechi koposa mphunzitsi. Chifukwa chake vanishi asamusiye: apake kamodzi, alindire tsiku lathunthu, apakenso. Wopaka pa pepala losauma atsekera chinyontho m'kati, ndipo chuku chimera pansi pa vanishiyo. Burashi ikasowa, nthenga ya nkhuku ikwanira.

Nanga zithunzi zichokere kuti? Funso limeneli ndilo lalikulu. Mwana akauzidwa kuti mawa abwere ndi chithunzi, kwao kulibe nyuzipepala ngakhale imodzi, manyazi adzampereka ku buku lowerenga la sukulu, ndipo adzadula chithunzi cha m'menemo. Pamenepo luso lofuna kupulumutsa mabuku likhala lowaononga. Mphunzitsi wanzeru satuma ana kwao. Asonkhanitsa yekha makalendala akale, mapepala a Times of Zambia ndi Zambia Daily Mail, timapaketi ta mbeu ndi tizidutswa ta chitenje totsala kwa telala, naziika m'dengu limodzi, kuti mwana wa msodzi ndi mwana wa mwini sitolo atole pamodzi. Lumo akhale nalo iye mwini, ndipo ana ang'ono ang'ambe ndi zala.

Koposa zonse awalole ana kujambula okha zimene aziona tsiku ndi tsiku: mlamba, bwato, ukonde, nkhwazi ili pamtengo. Chithunzi cha galimoto la m'nyuzipepala chingakhale pa buku la aliyense, koma bwato la atate ake mwana alizindikira ali patali, ndipo salola mnzake kukhalira buku limenelo kapena kulifunda pamvula.

Kaundula wa kalasi akhale woyamba kukometsedwa, ana akuona, Lachisanu masana. Mabuku ao adze mlungu wotsatira, vanishi wa pa kaundulayo ataonetsa kuti wagwira.