Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wopereka Zipangizo kwa Achinyamata Osema Ziboliboli ku Kanyama, Lusaka



 Akale anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Lero zinthu zatembenuka, chifukwa zakuthwa zili kale m'manja mwa eni mudzi. Aliyense wa ana athu amene atsiriza maphunzirowa walandira matchizulo, osongoka ndi okhota omwe, kasemasema, tupa ndi mwala wonolera. Changa ine n'kunena mawu ochepa a kasungidwe ka zida zimenezi, kuti tikadzakumananso mvula itagwa katatu, zidzakhale zikudyabe mtengo ngati lero.

Ntchito mwasankhayi ili ndi mbiri mumzinda muno. Mukapita ku Kabwata Cultural Village, pa Burma Road, mukaona tinyumba tozungulira ta udzu. Boma la atsamunda linamanga nyumba zoterezi m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 kuti muzigona amuna obwera kudzagwira ntchito mu Lusaka, amene anakhala likulu la dziko mu 1935. Zambiri zinagwetsedwa, koma mu 1974 boma linasunga nyumba 43 kuti zikhale malo a amisiri a manja. Mpaka lero anthu akusema pamenepo, akuphunzitsa ana ndi ndalama ya njovu ndi mvuu za mtengo. Kutsidya kwa malire, ku Mua m'dziko la Malawi, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976, ndipo zosema za kumeneko zili m'matchalitchi a mayiko akutali. Mukacheza ndi mmisiri wokhazikika aliyense, kaya ku Kabwata, ku Mukuni kufupi ndi Livingstone kapena ku Mua, mupempheni akuonetseni zida zake. Mudzapeza tchizulo chimene mpini wake unachita kusalala ndi thukuta la zaka zambiri. Chida chimakalamba chonchi m'manja mwa munthu amene amadziwa pochigoneka usiku.

Ineyo phunziro limeneli ndinaliphunzira molira. Ndili mnyamata ndinasonkha ndalama kwa miyezi yambiri mpaka ndinagula matchizulo anga oyamba. Ndinkawasunga m'thumba la saka, pansi pa bedi, poganiza kuti pamenepo wakuba sangafike. Wakuba sanafikedi. Inafika ndi mvula. Ndinapita kumudzi kumaliro, ndipo pobwera patatha milungu iwiri ndinapeza madzi atalowa m'nyumba n'kuphwa okha. Nditamasula thumba lija, zitsulo zonse zinali psuu ndi dzimbiri, ndipo ziwiri zinali zitadyeka kukamwa kwenikweni. Ndinanola mpaka mikono kuwawa, koma zinali zitatha ntchito. Wolakwa panalibe wina koma ine.

Inu a kuno ku Kanyama simufunika kuuzidwa za madzi. Pansi pathu pano ndi pamwala, ndipo madzi a m'nthaka ali pafupi. Akuluakulu amene muli pano mukukumbukira chigumula cha 1978, ndipo chaka chilichonse, kuyambira Novembala mpaka Epulo, timakwinya mathalauza podutsa m'njira. Choncho lamulo loyamba ndi ili: chida chisagone pansi. Simenti imatuluka thukuta ngakhale madzi asanalowe pakhomo. Pezani thabwa, ngakhale chidutswa chotsala kwa ocheka matabwa ku Buseko, muliboole mabowo, mulikhome pakhoma kupitirira msinkhu wa m'chiuno. Tchizulo chilichonse chikhale ndi bowo lakelake, mpini m'mwamba, kukamwa pansi, ndipo kutsogolo kwake mutchingeko ndi thabwa lina kuti dzanja lisakhudze. Sankhani khoma losanyowa, ndipo muyang'ane kumwamba kaye: mu Juni ndi Julayi malata amadontha mame m'mamawa ngakhale kunja kulibe mtambo.

Lamulo lachiwiri: zitsulo zisagundane. Chitsulo cha tchizulo ndi cholimba, n'chifukwa chake chimadula mubanga ndi phingo, koma kulimba komweko kumachititsa kuti kukamwa kwake kubenthuke msanga chikagunda chinzake. Mukaponya matchizulo onse m'chitini chimodzi pamodzi ndi tupa ndi misomali, m'mawa mudzataya ola lathunthu pamwala musanayambe ntchito. Chokhota chija, chokumbira mbale ndi maso a chiboliboli, ndiye chovuta koposa, pakuti kunola m'kati mwake kumafuna kamwala kozungulira ndi kudekha. Popita kukagulitsa, tengani jinzi yakale ya pa salaula, mupite nayo kwa atelala akusokereni timatumba m'mizere, chida chilichonse m'kathumba kake, kenako mupinde ngati mphasa. Kapaipi kakale kothirira madzi, mukakadula tizidutswa, kamakhala chipewa chabwino cha kukamwa kwa tchizulo. Pepala la pulasitiki lokha ndiye ayi, chifukwa limatsekera chinyezi m'kati.

Lamulo lachitatu: pukutani musanagone. Mukwa, umene ena timautcha mlombwa, uli ndi utomoni wofiira ngati magazi, ndipo utomoni wa mitengo ukagona pachitsulo umachidetsa n'kuitana dzimbiri. Thukuta la m'manja nalo lili ndi mchere. Mukaweruka, pukutani chida chilichonse ndi nsalu youma, mupakeko kadontho ka mafuta a makina osokera, kapena Vaseline, kapena polishi ya Cobra imene amayi amapaka pansi. Mafuta ophikira asiyireni a kukhitchini, chifukwa akakhalitsa amamata. Oyilo wakuda wotsala m'galimoto amathimbiriritsa mtengo woyera, ndipo wogula akaona banga amatsitsa mtengo. M'bokosi la zida ikanimo tizidutswa ta malasha ouma, kapena timapaketi toyera timene mumapeza m'mabokosi a nsapato zatsopano, kuti tizimwa chinyezi. Ndipo bokosilo likhale kutali ndi feteleza, mchere, batire la galimoto ndi botolo la klorini yothira m'madzi akumwa. Zinthu zimenezi zimadya chitsulo ngakhale osachikhudza.

Ndinenepo za kunola, chifukwa ambiri amawononga chida poganiza kuti akuchikonza. Mukapita nacho kwa owotcherera zitsulo kuti achinole pa gilayinda, yang'anitsitsani. Kukamwa kukasanduka kobiriwira ngati khosi la nkhunda, dziwani kuti chapsa, chafewa, ndipo sichidzasunganso kuthwa mpaka mbali yopsayo itachotsedwa. Mwala, madzi kapena mafuta pang'ono, ndi lamba wakale wachikopa wotsirizira, n'zokwanira. Pomenya gwiritsani ntchito chibonga cha mtengo, chifukwa nyundo yachitsulo imang'amba mpini. Musasiyenso zida padzuwa la mu Okutobala, mipini imauma n'kuyamba kugwedera.

Tsopano ndilankhule nanu makolo. Ambiri a ife timakhala m'chipinda chimodzi kapena ziwiri za lendi. Pamene pali shopu ya mwana wanu ndi pomwe pali mbaula, ndi pomwenso adzukulu amakwawa. Tchizulo chonoledwa bwino chimameta tsitsi la pamkono, ndiye ganizani chimene chingachite pa chala cha mwana wa zaka ziwiri. Thandizani ana anuwa kupeza kabokosi ka loko, ndipo kiyi akhale ndi mwini zida. Inu ana anga, tchizulo chikaterereka pabenchi, chotsani phazi, musachiwakhe. Mukadzicheka kwambiri, tsukani bala ndi madzi oyera ndi sopo, muthamangire ku kiliniki kuti akaone za jekeseni wa kafumbata. Ndipo amayi, ndikupempheni mwaulemu: tchizulo si chotsegulira chitini, si chomasulira sikuluwu, si chopalira mphika.

Mdani wotsiriza amabwera akumwetulira, amagogoda n'kunena kuti, “Aneba, ndibwerekeniko kachitsulo kaja, ndikonze chitseko.” Kukaniza mnansi m'komboni n'kovuta, pakuti mawa ndiwe udzapempha moto. Koma paja nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Nzeru yake ndi iyi: khalani ndi tchizulo chimodzi chakale cha obwereka, kapena nyamukani mukamukonzere nokha chitsekocho. Pa thabwa lanu lija jambulani chithunzi cha chida chilichonse pamalo pake, kuti madzulo diso limodzi likuuzeni chimene sichinabwerere. Dindaninso chizindikiro chanu pa mpini uliwonse. Ndipo zinthu zikathina pakati pa mwezi, gulitsani foni, gulitsani nsapato, koma zida musapereke chikole kwa obwereketsa ndalama a kaloba. Mlimi wanjala sadya mbewu. Amene wagulitsa tchizulo pa msika wa Soweto wagulitsa nsima ya chaka chamawa.

Mwina wina akudabwa kuti mlendo wolemekezeka wataya nthawi pa nkhani ya mabowo a pathabwa. Tamverani. Mu 2022 ndalama zachitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo gawo lina ndi lothandiza achinyamata pa maphunziro a luso ndi mabizinesi. Mukadzapanga gulu n'kupempha thandizo, kapena mukadzafuna kuyesedwa luso ndi a TEVETA, anthu adzafuna kuona m'mene munasamalira zochepa zimene munapatsidwa poyamba. Wogula nayenso akalowa pamalo panu n'kuona zida zili m'mizere, zonyezimira, amasiya dipoziti mtima uli m'malo. Mitengo yabwino, monga mukula, ikusowa. Chida chobuntha chimang'amba mtengo umene unatenga zaka makumimakumi kuti ukule, ndipo chimavulaza mwini wake chifukwa amachikankha ndi mphamvu.

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha ntchito yanu. Pempho langa n'lakuti pakatha miyezi itatu muwayendere ana awa m'makomo mwawo, mukaone pamene zida zikugona. Eni nyumba za lendi, lolani ana athu akhome thabwa limodzi pakhoma, chifukwa lendi yanu idzachokera pa thabwa lomwelo. Inu ana anga, mmera m'poyamba. Lero lomwe, musanasambe m'manja kuti mudye nsima, werengani zida zanu, muzipukute, muzipake mafuta, muziike pamwamba.