Chule, Nkhono ndi Chambo: Chaka Choyamba cha Phunziro la Nyama

Pali funso limene makolo amafunsa mwana akabwera ku tchuthi choyamba kuchokera ku yunivesite: "Kodi kusukuluko ukuphunzira chiyani?" Akayankha kuti udokotala kapena zamalamulo, nkhani imathera pomwepo, amayi nkupita kukagwira nkhuku. Koma akati akuphunzira za nyama, nalongosola kuti mlungu wathawu anali kutumbula chule, pabwalo pamagwa bata. Malume amene anagulitsa mbuzi kuti fizi ipezeke amafunsa mwaulemu ngati achule a ku Zomba asoŵa owasamala.

Funsoli si lachipongwe ayi, ndipo liyenera kuyankhidwa mokwanira. Phunziroli pa Chingerezi amalitcha zoology, ndipo m'sukulu zaukachenjede za dziko lino limaphunzitsidwa pamodzi ndi phunziro la zomera m'chigawo cha bayoloje. Ku Zomba linafika mu 1973, pamene Chancellor College inasamukira kumeneko kuchokera ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre, kumene inatsegulidwa mu 1965. Chiyambire 2021 sukuluyi imangotchedwa Yunivesite ya Malaŵi.

Chopunthwitsa choyamba kwa wophunzira watsopano ndi liwu lenilenilo lakuti nyama. Kumudzi nyama ndi gwape, insa, nguluŵe ndi kalulu, ndiye kuti zamiyendo inayi zimene zimaloŵa mumphika. Fisi ndi njoka ndi zirombo, udzudzu ndi kachirombo, nsomba ndi nsomba basi. M'kalasi zonsezi ndi nyama, pamodzi ndi nyongolotsi, nkhono, bongololo, ngakhalenso munthu amene, ndipo pa munthupo ena amayamba ang'ung'udza. Mitundu ya nyama imene inalembedwa m'mabuku ndi pafupifupi 1,500,000, ndipo mwa imeneyi pafupifupi 1,000,000 ndi tizirombo tamiyendo isanu ndi umodzi monga chiwala, chiswe, njuchi ndi nankafumbwe. Nyama zokhala ndi fupa la msana, kuyambira usipa mpaka njovu, sizikwana ngakhale 5 pa 100 iliyonse. Mnyamata amene anabwera ndi maganizo a mikango ya ku Liwonde amapezeka kuti watha miyezi ingapo ali pa mphutsi ndi nyongolotsi asanafike ngakhale pa nsomba.

Pogaŵa nyama m'magulu, mphunzitsi safunsa ngati chinthucho chimadyedwa kapena chimaluma. Amafunsa mmene thupi lake linapangidwira. Mleme umauluka, koma uli ndi ubweya, umabereka mwana wamoyo ndi kumuyamwitsa, ndipo phiko lake likatambasulidwa patebulo mumapezeka mafupa a zala zisanu ngati a dzanja la munthu. Tsono mleme ndi mbale wa nyama zoyamwitsa, ndipo mlandu umene nthano zinalephera kuugamula umatha m'mphindi zoŵerengeka. Kangaude ali ndi miyendo isanu ndi itatu, choncho mbale wake ndi chinkhanira ndi nkhupakupa, osati nyerere. Khosi la kadyansonga lili ndi mafupa asanu ndi aŵiri, la mbeŵa chimodzimodzi, la munthu chimodzimodzinso. Mbira ya m'matanthwe, imene aliyense angalumbire kuti ndi khoswe wamkulu, abale ake apafupi ndi njovu. Ubale woterewu kale unkadziŵika poyerekeza mafupa ndi mano. Masiku ano umatsimikizidwanso popima DNA, ndipo magulu ena amene mabuku akale anaika pamodzi analekanitsidwa.

Kenaka pamabwera maina a Chilatini, amene ophunzira onse amadana nawo poyamba. Mwambo wopatsa nyama iliyonse maina aŵiri unakhazikika ndi buku la Carl Linnaeus wa ku Sweden la mu 1758. Chifukwa chake nchomveka. Nsomba imodzi ikhoza kukhala ndi dzina lina ku Karonga, lina ku Nkhotakota, linanso ku Mangochi, pamene dzina limodzi lakuti chambo limaphimba mitundu ingapo yosiyana kaswedwe ndi malo okhala. Koma munthu akalemba kuti Clarias gariepinus, katswiri wa ku Egypt ndi wa ku South Africa amadziŵa kuti akunena mlamba womwewo umene uli m'mitsinje ya kwawo. Izi sizitanthauza kuti nzeru zakumudzi zatayidwa. Mwana amene anakula akukumba mbeŵa, wodziŵa kusiyanitsa kapuku ndi tondo poona una wokha, ali kale ndi diso limene anzake a m'tauni amalipeza movutikira. Ndipotu dzina lakuti mbuna, limene akatswiri a dziko lonse lapansi amatchulira tinsomba tamaŵangamaŵanga ta m'miyala ya m'Nyanja ya Malaŵi, anachita kulitenga kwa asodzi a Chitonga.

Mtima wa phunziroli uli mu labotale. Tsiku loyamba wophunzira amapatsidwa dontho la madzi a pachithaphwi kuti aliike pa kagalasi ndi kuliyang'ana pa maikulosikopu. Poyamba saona kanthu koma mdima ndi nsidze zake zomwe. Akatembenuza bwino makinawo, dontho lija limasanduka msika: tina tikupalasa ndi timaubweya, tina tikukwaŵa mosintha maonekedwe, tina tikugaŵikana paŵiri iye akuona. Tambiri mwa timeneti ndi ta selo imodzi yokha, ndipo akatswiri a masiku ano satiŵerengeranso m'gulu la nyama zenizeni, koma timaphunzitsidwabe chifukwa kachirombo ka malungo ndi ka kaodzera nako nkaselo imodzi. Amene waona dontholo kamodzi samwanso madzi a pachithaphwi ndi mtima womwe uja.

Lamulo la mu labotale ndi lakuti wophunzira ajambule ndi pensulo chimene akuona, osati chimene chili m'buku. Apa ndi pamene ambiri amene anakhoza bwino ku sekondale poloŵeza manotsi amagwa nayo. Chule wa patebulo saŵerenga buku. Chiŵindi chake chikhoza kuphimba ndulu, mtsempha ukhoza kubisala m'mafuta, ndipo lumo likapita mopupuluma zonse zimasanduka phala. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo m'chipinda chimenechi mwambiwu umagwira ntchito monga momwe ulili, pakuti nkhonoyo imakhaladi patebulo, maso ake ali kunsonga kwa tinyanga. Fungo la mankhwala osungira nyama zakufa limavuta mlungu woyamba wokha. Ponena za mantha, amene amayamba kutuluka thukuta kaŵirikaŵiri ndi anyamata omwe ankadzitama pakhomo.

Nanga phindu lake nchiyani? Yankho labwino koposa lili pa nkhono ina yaing'ono ya m'madzi, yosaposa chikhadabo cha chala, imene dzina lake ndi Bulinus.

M'midzi yambiri ya kunyanja, ku Chigwa cha Shire ndi m'madambo a mpunga, mnyamata akayamba kukodza magazi ena ankati ndiye kuti wakula. Amenewo ndi matenda a likodzo. Nyongolotsi yake anaipeza ndi dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, ku Cairo mu 1851, koma panapita zaka zoposa 60 anthu asakudziŵa njira imene imaloŵera m'thupi, kufikira Robert Leiper anatsimikiza mu 1915 kuti imadzera mu nkhono. Ulendo wake, umene wophunzira wa chaka choyamba ayenera kuujambula osayang'ana m'buku, uli motere. Wodwala akakodza m'madzi, mazira a nyongolotsi amaswa timphutsi tosaoneka ndi maso. Kamphutsiko kali ndi maola ochepa chabe oti kapeze nkhono ya mtundu woyenera. Kakapanda kuipeza, kamafa. Kakaipeza, kamaloŵa ndi kuchulukana mkatimo kwa milungu ingapo, mpaka nkhono imodzi imayamba kulavula timphutsi tambirimbiri ta mchira wamphanda tsiku ndi tsiku. Timeneti sitidikira kuti munthu amwe madziwo. Timaboola khungu la mayi amene akuchapa, la mwana amene akusambira, la bambo amene akuwokera mpunga. Tikaloŵa timayenda ndi magazi, kukula, ndi kukakhazikika m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo, yaimuna itafungatira yaikazi mumpata wa thupi lake, kumaikira mazira kwa zaka. Magazi a mumkodzo aja ndi mabala amene mazirawo amasiya poboola chikhodzodzo.

Amene wamvetsa ulendowu amaona yekha malo atatu oudulira: chimbudzi, mankhwala a praziquantel amene amaperekedwa m'sukulu, ndi nkhono. Amamvetsanso chifukwa chake mwana amene wamwa mankhwala lero akhoza kudwalanso chaka chamaŵa ngati doko lake lili lomwelo. Ndipo nkhaniyi ili ndi mchira. Ku Chembe, m'dera la Cape Maclear, likodzo linachuluka kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ngakhale pamchenga woyera pamene kale anthu ankati palibe choopsa. Ofufuza anapeza kuti nsomba zodya nkhono zinachepa m'madzi osaya a kumeneko pamene nkhono zinachuluka, ndipo ambiri a iwo amaloza chala makoka a maso ang'onoang'ono. Dokotala yekha sakanaiona mfundo imeneyi ali m'chipatala, ngakhalenso mlangizi wa zausodzi ali pa sikelo. Anaiona ndi anthu amene anaphunzira kutumbula nsomba ndi kuŵerenga zigoba za m'mimba mwake.

Chitsanzo china chili pafupi ndi Zomba pomwepo. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo imauma mvula ikavuta zaka zotsatizana. Pamene inauma mu 1968, aphunzitsi ndi ophunzira a yunivesite, motsogozedwa ndi Pulofesa Margaret Kalk, anali atayamba kale kuipima, ndipo anapitiriza mpaka madzi atabwerera. Zimene anapeza zinatuluka m'buku mu 1979. Anaonetsa kuti matemba, makumba ndi milamba sizitheratu: zotsala zimabisala m'madambo ndi m'maiŵe a mitsinje yothira m'nyanjayi, monga Likangala ndi Domasi, ndipo ndi zomwezo zimene zimadzadzazanso nyanja. Mlamba umapirira kuposa zinzake chifukwa uli ndi chiŵalo pamwamba pa makha chimene umapumira nacho mpweya wa kunja. Tanthauzo lake kwa msodzi nlakuti amene athira katupe m'dziŵe la mtsinje chaka cha chilala wapha mbewu ya nyanja yonse. Chilwa inaumanso mu 1995, ndi mbali yaikulu mu 2018, ndipo nthaŵi zonsezo uphungu woteteza maiŵe unachokera pa maziko omwewo.

Zakumunda nzosachita kufotokoza. Mbozi zachilendo zochokera ku America zimene zinasakaza chimanga mu 2017 zinafunika munthu wodziŵa kuzisiyanitsa ndi ntchemberezandonda ndi kapuchi, pakuti zimabisala mkati mwa nsonga ya chimanga ndipo mankhwala opopera mwachisawawa sazifika.

Wofuna kuloŵa phunziroli ayenera kukhoza bwino mayeso a MSCE, makamaka Chingerezi, bayoloje, kemisitiri ndi masamu. Masamuwo ambiri amawanyoza, poganiza kuti athaŵira ku nyama kuti apumule ku manambala. Amadzazindikira mochedwa kuti kunena kuti nsomba zachepa popanda kuziŵerenga ndi kuzipima ndi nkhambakamwa chabe. Digiri imatenga zaka zinayi, ndipo chaka choyamba ndi khomo lokha. Omaliza ena amakaphunzitsa ku sekondale, ena amapita ku nthambi ya zausodzi, ku malo osungirako nyama zakutchire, ku ntchito zofufuza udzudzu ndi kashembe, kapena kupitiriza maphunziro. Kunena zoona, malo a ntchito ngochepa poyerekeza ndi ofuna, ndipo amene akufuna kulemera msanga angachite bwino kuyang'ana kwina.

Koma ntchito yeniyeniyo, yosiyana ndi malo olembedwa, ndiye yachuluka zedi. M'Nyanja ya Malaŵi muli mitundu ya nsomba yochuluka kuposa m'nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake mkamwa kwa milungu ingapo, kotero kuti khoka limene lagwira mayi mmodzi m'nyengo yoswana latenga ndi ana omwe; pamenepo ndiye pagona lamulo loletsa makoka kuyambira mwezi wa Novembala. Mu 2018 bungwe la IUCN, litaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanjayi, linalengeza kuti mitundu itatu ya chambo ili pangozi yaikulu yakuti nkutheratu. Umodzi mwa iyo, Oreochromis lidole, umene kale unkadzaza mabwato kummwera kwa nyanja, wakhala zaka zambiri osaoneka m'makoka. Pamene izi zili chomwechi, mbuna zambiri mpaka lero zilibe maina a Chilatini, ndipo m'mabuku a akatswiri zimangotchulidwa ndi mtundu wa maŵanga ake pamodzi ndi dzina la chilumba kapena thanthwe pamene zinagwidwa.